Ng'oma zili kuti? Kumvetsa zimbale za hip hop ya underground

Disembala akafika, ife okonda hip hop tili ndi mwambo wathu. Aliyense amakhala pansi n'kusanja zimbale zimene zamugwira mtima m'chakacho, khumi kapena makumi awiri, kenako timatumizirana n'kuyamba kutsutsana mpaka chaka chatsopano chitalowa. Pa mndandanda wanga, zimbale zambiri zimakhala za oimba amene simungawamve pa wayilesi, ku ukwati kapena m'minibasi. Tsiku lina madzulo tili pakhonde, mphwanga anandilanda mahedifoni kuti amve chimene chinandikhazika chete kwa theka la ola. Anamvetsera mwina mphindi imodzi, nkhope itachita tsinya, kenako anavula khutu limodzi. "Achimwene, ng'oma zili kuti? Kolasi ibwera nthawi yanji? Nanga chikuthethekachi ngati chimanga m'phale n'chiyani, kapena foni yafa sipika?"

Mafunso amenewa ali ndi mayankho ake. Nyimbozi sizimveka chonchi mwangozi, ndiponso si umphawi wa situdiyo ayi. Kamvekedwe kake kanaumbidwa ndi makina amene anthu anali nawo, milandu imene inaweruzidwa m'makhoti a ku America, ndi njira imene ndalama zimafikira m'thumba la woimba.

Tiyambe tagwirizana za liwu loti underground. Kuno timalitchula ponena za mnyamata amene sanatchuke, amene akudikira tsiku lake. Ku America kumene nyimbozi zinabadwira, liwuli limanena zina. Alipo oimba a underground amene aimba zaka zoposa makumi awiri, ali ndi mabanja ndi nyumba zawo, amayenda mpaka ku Ulaya kukaimba, ndipo sakudikira munthu. Chimene chimawasiyanitsa ndi kayendetsedwe ka ntchito: mwini chimbale ndani, walipira situdiyo ndani, ndipo ali ndi mphamvu yonena kuti "nyimbo iyi ichotsedwe, siyigulitsa malonda" ndani. Yankho likakhala loti ndi woimba mwiniwake kapena kakampani kakang'ono ka anzake, ndiye kuti tili m'dera limene ndikunena.

Mpata pakati pa magulu awiriwa unakula m'zaka za m'ma 1990, hip hop itasanduka bizinesi ya ndalama zankhaninkhani. Ku New York, pa wayilesi ya WKCR ya Columbia University, Stretch Armstrong ndi Bobbito Garcia ankaulutsa pulogalamu ya pakati pa usiku kuyambira 1990, ndipo anyamata amene analibe kontirakiti ankabwera kudzaonetsa luso lawo pompo. Timakampani tating'ono tinamera ngati bowa: Rhymesayers ku Minneapolis, Stones Throw ku California, Rawkus ku New York. Malire ake sanali owongoka kwenikweni, chifukwa Rawkus yomweyo inayamba ndi thandizo la ndalama za James Murdoch, mwana wa mpondamatiki wa manyuzipepala uja. Koma nkhani imene imaonetsa bwino mzimu wa nthawiyo ndi ya MF DOOM. Anali m'gulu la KMD pansi pa kampani yaikulu ya Elektra. Mu 1993 mng'ono wake anafa atagundidwa ndi galimoto, ndipo chaka chotsatira kampani inakana kutulutsa chimbale chawo chifukwa cha chithunzi cha pachikuto, n'kuthetsa mgwirizano. Iye anasowa kwa zaka zingapo. Atabwerera anali atabisa nkhope m'chigoba, ndipo chimbale chake cha mu 1999 chinatulukira ku kakampani ka Bobbito uja. Chigobacho sanachivule pagulu mpaka imfa yake mu 2020.

Tsopano za kuthetheka kuja. Kumachokera m'mbale zakale za galamafoni, ndipo hip hop yonse inabadwira m'mbale zimenezo. Pa 11 Ogasiti 1973, pa nyumba nambala 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, mnyamata wobadwira ku Jamaica wotchedwa DJ Kool Herc anaimba pa phwando limene mlongo wake anakonza. Herc ndi amene anazindikira kuti ovina amatentheka kwambiri pa kachigawo ka nyimbo pamene zoimbira zonse zakhala chete n'kutsala ng'oma zokha. Ankatenga mbale ziwiri zofanana, ina ikamatha kachigawoko n'kuyambitsa inzake, moti masekondi ochepa ankasanduka mphindi zambiri. Nzeru yonse ya sampulo ndi imeneyi: kudula kachidutswa ka nyimbo yakale n'kukazunguliza mpaka kasanduke maziko a nyimbo yatsopano.

Makina atabwera, manja a DJ analowedwa m'malo ndi mabatani. Mu 1987 kampani ya E-mu inatulutsa SP-1200, ndipo chaka chotsatira Akai inatulutsa MPC60. SP-1200 inkasunga mawu a masekondi khumi okha, ogawidwa m'zidutswa zinayi za masekondi awiri ndi theka. Tangoganizani: nyimbo yonse iyenera kumangidwa ndi masekondi khumi. Opanga mabiti anapeza njira yozembera. Mbale yoyenera kuzungulira pa liwiro la 33 ankaithamangitsa pa 45 kuti kachidutswa kafupike ndi kukwana m'makinamo, kenako ankakatsitsa mawu kuti kabwerere mwakale. Pobwerera pamenepo kankatuluka kokhakhala, ngati mawu a munthu wa chimfine. Onjezani kuti makinawo ankajambula mawu mosayera kwenikweni, pa 12-bit pamene CD imakhala pa 16-bit, ndiye mumapeza kamvekedwe kafumbi kamene anthu anayamba kukakonda. Lero laputopu yotchipa ingathe kusunga maola a mawu oyera mbee, koma opanga mabiti a underground amafunafuna dala fumbi lija, ena mpaka amagula makina akale pa mtengo wokwera.

Ndinaonererapo mnzanga akupanga biti m'chipinda chake chogona, matiresi atatsamizidwa kukhoma kuti mawu asabwerere. Anaika nyimbo yakale ya kwaya n'kuimvetsera yonse osanena kanthu. Penapake chakumapeto, woimba ogani analakwitsa pang'ono, chala chinatsetsereka, ndipo mayi wina m'kwayamo anapuma mokweza asanayambe mzere. Mnzangayo anaimitsa pomwepo. Anadula masekondi anayi amenewo, kuphatikizapo mpweya wa mayi uja, n'kuwagawa pa mabatani asanu ndi atatu. Anayamba kugogoda ndi zala ziwiri, kusintha ndondomeko, kubwereza kachitatu kachidutswa kachiwiri, kusiya mpata. Patatha mphindi makumi awiri, chimene chinali nyimbo yachimwemwe ya m'tchalitchi chinali chitasanduka chinthu chachisoni chimene oimba a kwaya aja sanachilotepo. Amene amati sampulo ndi ulesi sanakhalepo m'chipinda chotere. Ntchito yaikulu ili m'khutu: kumvetsera mbale makumi asanu kuti upeze masekondi anayi.

Komabe masekondi anayiwo ali ndi eni ake, ndipo eniwo ndi awiri. Pali mwini wa nyimbo monga inapekedwera, mawu ndi maimbidwe ake, ndiye pali mwini wa chojambulidwacho, amene nthawi zambiri amakhala kampani. Wofuna kutenga sampulo mwalamulo ayenera kugogoda pa makomo onse awiri, ndipo aliyense angathe kukana kapena kutchula mtengo umene wafuna. M'zaka za m'ma 1980 anthu sankasamala kwambiri za izi, moti zimbale zina zinkasokedwa ndi zidutswa zambirimbiri ngati chovala cha zigamba. Zinthu zinatembenuka mu Disembala 1991 pa mlandu wa Biz Markie, amene anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda chilolezo. Woweruza Kevin Duffy anayamba chigamulo chake ndi lamulo la m'Baibulo lija loti usabe, ndipo chimbalecho chinachotsedwa m'masitolo. Mu 2005 khoti lina la apilo, pa mlandu wa Bridgeport Music, linagamula kuti ngakhale kachidutswa kakang'ono bwanji ka chojambulidwa, kosazindikirika n'komwe, kamafunika chilolezo. Khoti lina la apilo linatsutsa maganizo amenewa mu 2016, koma mantha anali atakhazikika kale. Gulu la De La Soul ndi mboni: zimbale zawo zoyambirira, zodzaza ndi masampulo, zinakhala zaka zambiri osapezeka pa Spotify ndi anzake chifukwa cha mikangano ya umwini ndi zilolezo, mpaka pa 3 Malichi 2023. Mmodzi mwa oimba atatu a m'gululi, Trugoy, anali atamwalira pafupifupi masabata atatu tsikulo lisanafike.

Apa ndi pamene njira inagawikana. Makampani akuluakulu, poopa maloya, anayamba kukonda mabiti opangidwa pa kiyibodi, kapena kulipira sampulo imodzi ya nyimbo yodziwika kale. A underground anapita kwina: anakumba mozama. Ngati nyimbo za James Brown zili ndi alonda, tiyeni tikafune mbale imene palibe akuikumbukira. Anayamba kufukula nyimbo za m'mafilimu a ku Italy, za ku Brazil, za ku Turkey, za ku Japan, za makwaya a timatchalitchi ta kumidzi ya ku America. Madlib anapanga mabiti ambiri a chimbale chake ndi MF DOOM ali m'chipinda cha hotela ku São Paulo, ndi kagalamafoni konyamula m'manja, kamakina ka SP-303 ndi kaseti. Panabadwanso lamulo losalembedwa pakati pa omvera loti ukazindikira kumene sampulo yachokera, sulengeza poyera, kuopa kuitanira mnzako maloya.

Kukumba kumeneku kunafika mpaka kwa aneba athu. Nyimbo za Zamrock za ku Zambia za m'zaka za m'ma 1970, za magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, zinali zitatsala pang'ono kuiwalika mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, imene mwini wake anagwirapo ntchito ku Stones Throw, inayamba kuzitulutsanso. Mu 2024 Tyler, the Creator, amene si wa underground konse, anaika mawu a Ngozi Family a mu 1977 m'nyimbo yake, ndipo anthu mamiliyoni anamva Chinyanja cha Paul Ngozi osadziwa kuti ndi chilankhulo chanji. Ine nditamva ndinaima chilili, chifukwa ndinamva liwu lililonse. Ndipo pamenepa maganizo anga ndi awa: ndimakonda luso la sampulo ndi mtima wonse, koma sindigwirizana ndi amene amati nyimbo yakale ndi nkhuni za m'tchire zoti aliyense atole. Ambiri mwa oimba a mbale zosadziwikazo anafa ali amphawi, ndipo ana awo alipo. Mnyamata wosindikiza makope mazana atatu palibe angamulondole, izo n'zomveka. Koma ndalama zikayamba kulowa, banja la mwini nyimbo liyenera kulawako.

Funso la ng'oma ndi limene limandisangalatsa kwambiri. M'zaka za m'ma 1990, wopanga biti ankatenga sampulo n'kuisanjikiza ndi ng'oma zolemera zochokera kwina, zogunda pachifuwa, zimene zimagwedeza khosi la womvera. J Dilla wa ku Detroit anazimasula ng'omazo: ankazimitsa kabatani kowongola nthawi n'kuziimba ndi zala, moti zinkagwa mochedwa pang'ono kapena mofulumira pang'ono ngati munthu woyenda motsimphina mwadala. Makina ake a MPC3000 lero ali m'nyumba yosungira mbiri ya anthu akuda ya Smithsonian ku Washington. Kenako kunabwera anthu amene anafunsa funso lina: bwanji tikangozichotsa? Roc Marciano wa ku Long Island, ndi zimbale zake za mu 2010 ndi 2012, ndiye anatsegula khomo limeneli kwa m'badwo uno. Ankasiya sampulo momwe ilili, ndi ting'oma tofewa timene tinali kale m'mbale yakaleyo, kapena popanda ng'oma n'komwe.

Pa gule, mpanje umasunga nthawi mosasintha, pamene mbalule ndiye amalankhula ndi miyendo ya wovina, kudumpha apa, kuchedwa apo. M'nyimbo zopanda ng'omazi, kachidutswa kozungulira kaja ndiko mpanje, ndipo lilime la woimba ndilo mbalule. Ng'oma sizinasowe, zangosamukira m'kamwa. Ndipo pakakhala palibe chogunda choti abisalemo, woimba amakhala pambalambanda: mpweya wake umamveka, liwu lofooka limaonekera, mzere wongodzazira malo umachititsa manyazi.

Amene anafika nayo patali njira imeneyi ndi Ka, wa ku Brownsville m'dera la Brooklyn. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali yozimitsa moto ku New York, ndipo anakwera mpaka pa udindo wa kaputeni. Nyimbo ankapanga akaweruka. Mabiti ambiri ankapanga yekha, mavidiyo ankajambula yekha, zimbale ankagulitsa yekha pa tsamba lake la intaneti, ndipo chimbale chikatuluka ankaima pamalo ena mu mzindamo n'kumagulitsa pamanja, akugwirana chanza ndi aliyense wobwera. Mawu ake anali apansipansi ngati mkulu wolangiza mwana usiku anthu atagona. Ankaimba za njala ya ubwana wake, za anzake amene anafa, za kulakwa kumene munthu amasenza ngakhale atapulumuka. Anamwalira pa 12 Okutobala 2024 ali ndi zaka 52, patangopita miyezi iwiri chitulutsireni chimbale chake chomaliza. Chaka chimenecho sindinavutike kusankha chimbale choyamba pa mndandanda wanga.

Za kolasi sizifuna mawu ambiri. Kolasi ndi mbedza yokolera munthu amene akumva nyimbo mongodutsa, pa wayilesi kapena m'sitolo. Ngati sukuyembekeza wayilesi, mbedzayo ilibe ntchito. Woimba amanena zimene ali nazo, vesi imodzi kapena ziwiri, n'kuchoka. Chimbale cha Madlib ndi MF DOOM cha mu 2004 chili ndi nyimbo 22 m'mphindi pafupifupi 46. Cha Earl Sweatshirt cha mu 2018 chili ndi nyimbo 15 zosakwana mphindi 25 zonse pamodzi. Nyimbo imodzi payokha imaoneka ngati chibenthu, koma zikatsatizana zimamanga chinthu chimodzi, makamaka pamene chimbale chonse chapangidwa ndi anthu awiri okha, woimba mmodzi ndi wopanga mabiti mmodzi. N'chifukwa chake pa Disembala timasanja zimbale osati nyimbo.

Nanga anthuwa amadya chiyani? Spotify imawerenga kuti nyimbo yamvedwa ikadutsa masekondi 30, ndipo chimene chimafika kwa mwini nyimbo pa kumvedwa kumodzi sichikwana ngakhale senti imodzi ya ku America. Kuyambira 2024, nyimbo imene sinamvedwe maulendo okwana 1,000 m'miyezi khumi ndi iwiri silandira kalikonse. Dongosolo limeneli limakomera amene ali ndi omvera mamiliyoni. Wa underground amawerengera mwa njira ina: kuli bwino anthu ochepa amene atulutse ndalama zenizeni kusiyana ndi chikhamu chongodutsa. Pa Bandcamp, tsamba la intaneti logulitsirapo nyimbo, womvera amagula chimbale mwachindunji, ndipo kampaniyo imatengapo 15 peresenti pa nyimbo zotsitsa pa intaneti. Mbale za galamafoni nazo zinabwerera. Gulu la Griselda la ku Buffalo, la Westside Gunn, mbale wake Conway the Machine ndi msuweni wawo Benny the Butcher, linadzimanga posindikiza makope ochepa okhala ndi zikuto zokongola, amene ankatha msanga n'kumagulitsidwanso pa mitengo yokwera. Mach-Hommy, wa makolo a ku Haiti, anachita zoposa: mu 2016 anatulutsa makope 187 okha a chimbale chake, lililonse pa madola 300, ndipo anthu anagula. Iyeyu amabisa nkhope ndi kansalu, amasakaniza Chingerezi ndi Chikiliyo cha ku Haiti, ndipo anachotsetsa mawu a nyimbo zake pa tsamba la Genius kuti wofuna kumva amvetsere yekha.

Njira imeneyi ili ndi zilema zake, ndipo ife a kuno timazimva kwambiri. Mbale ya madola 40, kuphatikiza mtengo wotumizira, kuphatikiza kusowa kwa ndalama zakunja, ndi chinthu chimene ambiri a ife sitidzachigwira m'manja. Nyimbo zobadwira mu umphawi zikusanduka katundu wa anthu opeza bwino osonkhanitsa zinthu zosowa. Chinanso, popeza biti yopanda ng'oma siichedwa kupanga, otsanzira achuluka. Ena amatulutsa zimbale zisanu pa chaka, zonse za nkhani imodzimodzi ya mankhwala ozunguza bongo, mfuti ndi zovala zodula, pa kachidutswa ka piyano kamene wina aliyense akanakapeza. Zotere sindiziika pa mndandanda wanga. Akazi nawonso ndi ochepa m'bwaloli kuposa mmene ziyenera kukhalira, ngakhale alipo monga Che Noir wa ku Buffalo komweko, amene amaimba ndi kudzipangira mabiti.

Koma chimbale chikakhala chabwino, chimanyamula zinthu zimene nyimbo ya pa wayilesi singasenze. Billy woods, mwini kampani ya Backwoodz Studioz ku New York, mayi ake ndi a ku Jamaica ndipo bambo ake anali a ku Zimbabwe, munthu wophunzira amene anali m'gulu lomenyera ufulu. Anakulira ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980 n'kubwerera ku America mu 1989 bambo ake atamwalira. Pachikuto cha chimbale chake cha mu 2012 pali nkhope ya Robert Mugabe. M'mavesi ake mumapezeka mwana woonerera akuluakulu a chipani akudyera limodzi, mipanda yaitali ya nyumba zimene azungu anasiya, lendi ya ku Brooklyn, ndi funso limene ife a chigawo chino cha Africa timalidziwa bwino, loti ufulu utabwera unathera m'manja mwa yani. Earl Sweatshirt naye dzina lake lenileni ndi Thebe Kgositsile, mwana wa mlakatuli wa ku South Africa Keorapetse Kgositsile. Chimbale chake cha mu 2018 chija chinatuluka m'chaka chimene bambo ake anamwalira, muli mawu a bambowo akulakatula, ndipo chimatsekedwa ndi kachidutswa ka nyimbo ya Hugh Masekela, mnzawo wa bambo ake, amene anamwaliranso mwezi womwewo wa Januwale. Zinthu ngati izi sizilowa m'khutu ulendo woyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ine chimbale ndimachimvetsera chonse katatu kapena kanayi, kawirikawiri usiku magetsi atazima, ndisanadziwe ngati chili cha pa mndandanda kapena ayi.

Ndipo popeza nyimbozi zilibe wayilesi, zilibe zikwangwani za mumsewu, mindandanda ya pa Disembala ija ndiyo wayilesi yake. Chimbale chimene chinatuluka mu Febuluwale ku Detroit kapena ku Newark, chomvedwa ndi anthu ochepa, chimandipeza ine kuno chifukwa munthu wina amene ndimakhulupirira khutu lake wachiika pa nambala 7. Ndimagula bandulo, n'kuchitsitsa, ndipo Januwale yense ndimakhala ndikumvetsera za chaka chatha.

Mphwanga uja ng'oma amazifunabe, ndipo zimbale za Ka akuti zimamugonetsa tulo. Koma nyimbo za Ngozi Family anakazifufuza yekha, ndipo ndi zimene zikulira kuchipinda kwake masiku ano.